Tsitsi Lolukidwa pa Khonde la Bala

Ine ndinayamba kupita kubala ndisanayambe sukulu. Ndikatero anthu amaseka, ena amati ndikuwonjezera, koma ndilibe chifukwa chonamizira bambo anga oti anagona kalekale. Zonse ndinene panozi zinachitika, ndipo mboni zinalipo zambiri. Vuto lake n'lakuti zambiri mwa mbonizo zinali zitamwa.

Tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine ndi bambo basi. Amayi anamwalira m'zaka zija zimene akalipentala a m'mbali mwa msewu anasiya kukhoma mipando n'kuyamba kukhoma mabokosi. Anadwala nthawi yaitali. Nkhope yawo ndinachita kuiphunzira pachithunzi. Chimene ndimakumbukira ndekha, popanda wondiuza, ndi mawondo awo, mmene ankandipanira m'mapewa akamandiluka tsitsi.

Kwawo kwa amayi kunali kum'mwera, kumene mwana ndi wa kuchikazi. Choncho maliro atangotha akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ine ndipite kwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene ankakhala ku Area 25 m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Bambo anagwada. Ndikunena kugwada kwenikweni, padothi, ndi thalauza lawo la kutchalitchi. Anapempha kuti awasiyire mwana, nyumba isangoti zii tsiku limodzi. Amayi aakulu ndiwo anayankha.

"Alamu, tiyese. Koma ndikangomva kanthu, ndibwera ndi chikwama."

Chikwama chimenecho sitinachione, koma tinkakhala nacho m'nyumba ngati munthu wachitatu. Ndikagwa n'kusupuka bondo, bambo ankayamba ayang'ana kumsewu asanayang'ane bondolo. Ndikatsokomola ankati, "Mayi wanga, tsokomolerani mkati, mphepo ikuloza ku 25."

Bambo anali wowotcherera zitsulo ku Biwi. Mageti, mafulemu a mawindo, mbaula, njinga zothyoka msana. Manja awo anali olimba moti udzudzu ukawaluma unkabwerera kwawo mlomo utapindika. Kuphika anaphunzira. Kuchapa anaphunziranso, ngakhale madiresi anga onse anasanduka amtundu umodzi. Chimene chinawakanika ndi tsitsi.

Tsitsi langa ndinatengera amayi: lambiri, lolimba, losamva. Chipeso chikalowamo sichinkatuluka ndi mano onse. Pa mwambo wometa wa pamaliro bambo anapempha kuti angondidula pang'ono pachipumi, poti mizere yomaliza imene amayi anandiluka inali isanamasuke. Koma mizere imamasuka. Itamasuka, bambo anagula ulusi wakuda, nandikhazika pansi, n'kugwira ntchito mmene ankaidziwira. Anagawa mutu wanga m'zigawo ngati geti, chigawo chilichonse n'kuchimanga chilili. Atamaliza ndinali ndi nyanga zoloza kumwamba, kum'mawa ndi ku Dedza. Ndikulumbira kuti masana omwewo ndinayamba kugwira wailesi. Ndikatembenukira ku Old Town ndinkamva mauthenga a maliro, ndikawerama ndinkamva mpira. Ana a mumzere wathu ankabwera kudzandifunsa zigoli.

Kupempha amayi oyandikana nafe bambo ankaopa. Ambiri anali anzawo a amayi aakulu kumpingo, ndipo pempho lililonse likanafika ku 25 litasanduka lipoti loti alamu alephera.

M'kati mwa sabata ndinkatsala ndi alandilodi, mayi wosalankhula zambiri amene ankakazinga mandasi. Koma iwo ankapembedza Loweruka, tsiku lonse mpaka dzuwa kulowa. Ndiye Loweruka bambo ankandinyamula pakhosi kupita nane ku Biwi, n'kundikhazika pa tayala kutali ndi moto, ndi lamulo loti ndisayang'ane kuwala. Akaweruka masana tinkayenera kubwerera kunyumba. Koma nyumba yathu masana a Loweruka inkakhala chete wamtundu wina, chete woti ukaika supuni patebulo umapepesa. Tsiku lina titafika pamphambano bambo anaima. Anayang'ana njira ya kunyumba, nayang'ana njira inayo.

"Mayi wanga, tiyeni tikaone anthu."

Balayo inali nyumba ya malata yopakidwa buluu mpaka pomwe penti inathera. Pakhomo panali katani ya timizere ta pulasitiki. Kutsogolo kunali khonde la simenti loyang'ana msewu, lokhala ndi mabenchi ndi bawo. Mkati munali wailesi yakaseti ndi mdima. Mwini wake atandiona pakhosi pa bambo anatambasula manja.

"Achimwene, mwana ayi. Mukufuna anditsekere?"

"Sitikhalitsa."

"Onse ali mkatimu ananena zomwezo."

Pabenchi panali mkulu wina wa imvi amene pa unyamata wake anali mesenjala wa kukhoti, ndipo chipumireni pantchito nkhope ya kukhoti sanaivule. Aliyense ankangoti a Mesenjala. Anakweza dzanja, bawo inaima, mlandu wanga unayamba. Unakambidwa mpaka mthunzi unasuntha. Ena ankati mwana amene wamva fungo la masese ndiye kuti wamwa kale. Ena ankati ngati zili choncho Kawale yense ndi chidakwa, kuphatikizapo abusa ndi nkhuku. Pomaliza a Mesenjala anagamula. Bala imayambira pa katani. Khonde ndi la msewu, msewu ndi wa boma, ndipo boma silinaletsepo mwana kukhala m'mbali mwa msewu. Koma poti pakhala mwana, pakhonde pasamveke chitukwano, pasachitike ndewu, ndipo wofuna kutaya madzi azipita kuseri kwenikweni, osati kuseri kwa ulesi.

Anandivundikirira kireti ya mabotolo pafupi ndi chipilala, nandipatsa udindo wa tcheya. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wofika ankayamba wavula chipewa.

"A Tcheya, mwaswera bwanji?"

Ine ndinkayankha tchipisi chili m'kamwa. Lamulo la chitukwano linkatsatidwa mwamphamvu. Munthu akaluza bawo ankadzuka mwaulemu, kunena kuti "Pepani a Tcheya," kulowetsa mutu wokha kuseri kwa katani, kutukwana mpaka malata kunjenjemera, kenako n'kubwerera kudzakhala pansi atapepukidwa. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuganiza kuti kuseri kwa katani kuja ndi kopempherera.

Bambo ankagula paketi imodzi ya masese n'kukhala nayo masana onse. Ntchentche zinkabwera, kudikira, kutopa, n'kupita kwa ena.

Wogulitsa mowa anali mayi wina wamtali, wakuda bii, wa mpata m'mano. Ine ndinkati Anti. Inali nthawi ija akazi atangololedwa kuvala mathalauza, ndipo ku Kawale konse anayamba ndi Anti. Tsiku limene anavala koyamba anthu apanjinga anagwera m'ngalande motsatizana, moti wokonza njinga wa pakona anafolera nyumba yake ndi malata atsopano. Anali amanzere. Botolo ankatsegula ndi manzere, tebulo kupukuta ndi manzere, ndipo mbama imene anapatsa dalaivala wina wa minibasi wosasunga manja inali yamanzere. Dalaivalayo kuyambira pamenepo ankangokhotera mbali imodzi.

Tsiku loyamba lija Anti atatuluka ndi mabotolo n'kuona mutu wanga, anaima.

"Achimwene, mwanayu analakwa chiyani?"

"Bwanji, asisi?"

"Mwamuluka kapena mwamuwotcherera?"

Khonde lonse linaseka. Bambonso anaseka. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chimwalirireni amayi, moti ndinatembenuka kuti ndione ngati analidi iwo.

Anti anakoka mpando, nakhala kumbuyo kwanga, n'kundikokera pafupi. Anamasula ulusi wa bambo, wailesi n'kuzima. Kenako mawondo anandipana m'mapewa, chala chinagawa mzere, mafuta ozizira anayenda pakhungu. Ankanunkhira sopo, fodya ndi anyezi wokazinga. Ine ndinayamba kulira.

"Ndikukoka kwambiri?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Kokanibe."

Sanafunsenso. Anakokadi.

Mizere ya Anti sinkawongoka kupita kumbuyo ngati ya anthu ena. Inkayambira pa khutu lamanja, kukhota, kuzungulira mutu cha kumanzere, n'kukathera pankhongo itapota ngati chigoba cha nkhono. Ntchitoyo inkatenga masana onse, chifukwa ankaluka uku akugulitsa. Munthu akaitanitsa mowa mkati, Anti ankakuwa ali pakhonde, "Dikirani ndimalize mzere!" Ndipo ankadikiradi. Amuna oti kunyumba kwawo sakanadikira madzi osamba ankakhala chete, kukhosi kuli gwa, kuyembekezera mzere wa mwana. Wina anafika potuluka kudzaona, n'kunena kuti, "Asisi, musafulumire, apa pakhota molakwika."

Pakhonde paja ndi pamene ndinawadziwira bambo anga. Kunyumba anali munthu wa mawu ochepa: idyani, sambani, gonani. Dzina la amayi silinkatchulidwa. Koma pakhonde, paketi ikafika pakati, wina ankangoti, "Achimwene, mbaula ija inatha bwanji?" Aliyense ankadziwa mmene inathera, koma bawo inkaima.

Nkhani yake inali yotere. Amayi ali mtsikana anabweretsa mbaula yothyoka mwendo ku Biwi. Bambo anauwotcherera mwendowo, koma mwadala anafooketsa wina. Sabata yotsatira amayi anabweranso. Bambo anakonza umenewo, nafooketsa wotsalawo. Miyendo itatha anayamba zogwirira. Pomaliza amayi anaiponya mbaulayo pansi n'kunena kuti, "Bambo inu, ngati mukundifuna nenani, kwathu tatopa kudya zosapsa." Pofika apa bambo ankaimirira, kugwira m'chiuno, n'kuwayesa amayi mawu ndi kaimidwe komwe. Ine, mutu uli pakati pa mawondo a Anti, ndinkawaona amayi anga chammbali, ali ndi ndevu ndi ovolosi, koma anali iwo. A Mesenjala ankapukuta m'maso n'kudandaula za utsi wa kanyenya, ngakhale tsiku limene wootcha nyama sanabwere.

Lolemba lililonse m'mawa, bambo akangonyamuka, alandilodi ankandiitana, kuyang'ana mutu wanga, kupuma mozama, n'kundimanga mpango. Sankanena chifukwa. Bambo ataona anayamikira. Ankati mayiyu ndi wanzeru, akuteteza mizere ku fumbi.

Zinayenda choncho nyengo ya mvula yonse mpaka kunayamba kuzizira. Kenako kunabwera uthenga woti amayi aakulu adzapemphera nafe Lamulungu ku tchalitchi cha ku Kawale, kumene amayi ankaimba kwaya, ndipo akufuna adzamuone mwana. Ife kutchalitchiko tinali titasowa chichitikireni maliro. Bambo anachapa, anasita, anakolopa mpaka simenti inachepa. Loweruka titafika pakhonde anati, "Asisi, lero muikepo luso lonse. Mawa kukubwera oyendera."

Anti anaima chipeso chili m'manja.

"Kutchalitchi?"

"Eya."

"Ndiye ndimuluke zowongoka, achimwene. Zawamba."

"Ayi, nkhono yomwe ija. Akaone kuti mwana akusamalidwa."

"Achimwene, mverani ine. Zowongoka."

"Asisi, mwana wanga akaoneke ngati wosauka pamaso pa alamu anga?"

Khonde linagwirizana ndi bambo. A Mesenjala anati nkhono ndi umboni wooneka ndi maso. Anti anayang'ana amuna onsewo mmodzimmodzi. Pali zinthu zimene mkazi sanganene za iye mwini pamaso pa amuna amene amawagulitsa mowa. Anandikokera pakati pa mawondo, ndipo tsiku limenelo sanakuwe ngakhale kamodzi. Analuka nkhono yoposa zonse.

Tinalowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itayamba kale. Bambo anapita mbali ya amuna, ine n'kundikankhira mbali ya amayi, wopanda mpango, mutu ukuwala ngati galimoto ya ukwati. Ndinayenda pakati pa mabenchi. Benchi iliyonse imene ndinkadutsa inkasiya kuimba. Pofika kutsogolo kumene anakhala amayi aakulu, otsala akuimba anali amuna okha, mokweza, osadziwa kanthu.

Chimene bambo sankadziwa, ndipo panalibe mwamuna m'tchalitchimo amene ankachidziwa, n'chakuti maluko ali ndi mwini. Mkazi amazindikira dzanja la mkazi mnzake monga mmene bambo ankazindikirira geti la wowotcherera wina ali patali. Ku Kawale konse woluka nkhono yokhotera kumanzere anali mmodzi, ndipo nkhonoyo inkaoneka pamitu ya atsikana a m'mabala, omwe aja amuna a amayi ambiri a m'mabenchimo ankachedwa nawo. Ine ndinali nditasenza chikwangwani cha bala n'kulowa nacho m'nyumba ya Mulungu.

Mapemphero atatha, mayi wina anawanong'oneza amayi aakulu. Iwo anandiitanira pansi pa mtengo, nandigwira chibwano mofatsa.

"Wakongola mwana wanga. Wakuluka ndani?"

"Anti."

"Anti ake ati?"

"A kuntchito kwathu."

"Iwe uli pantchito?"

"Eee. Ndine tcheya."

Tinabwerera kunyumba tonse atatu. Titalowa, amayi aakulu anakana tiyi.

"Alamu, mwana wa mng'ono wanga akukulira kubala?"

"Salowa mkati, alamu. Amakhala pakhonde."

"Pakhonde pa chiyani?"

"Khonde si bala. Bala imayambira pa katani. Anagamula."

"Anagamula ndani?"

Ndikukhulupirira kuti ndi pamene bambo anamva koyamba mmene chigamulo chija chimamvekera kwa munthu amene sanamwe.

Amayi aakulu sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Analankhula motsitsa, akuyang'ana chithunzi cha amayi pakhoma.

"Ine mng'ono wanga ndamusambitsa ndi manja awa. Chaka chino ndaperekeza anthu mpaka nsapato zatha, ndipo ambiri a iwo njira yawo inadutsa pa makatani ngati imeneyo. Lero mwanayu ali pakireti, akumutcha tcheya. Akadzamera mabere adzamutcha chiyani? Mudzagamulanso?"

Kenako anatembenukira kwa bambo.

"Loweruka ndibwera ndi chikwama."

M'kati mwa sabatayo bambo anakadandaula kubala, ndipo kumeneko kunabadwa nzeru imene inatimaliza. Loweruka m'mawa, amayi aakulu atangofika ndi chikwama chija, chimene chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkachiganizira, tinamva odi panja. Khonde lonse linali litabwera. Anaima pamzere pabwalo, a Mesenjala patsogolo. Onse anali osamwa, chinthu chimene chinkawanjenjemeretsa. Anavala mataye. Majekete awo anali ndi fungo la masese lalikulu msinkhu kuposa ine, moti nkhuku za alandilodi zinayamba kudzandira.

A Mesenjala anavula chipewa.

"Mayi, tabwera ngati mboni. Chibwerereni mwanayu pamalo pathu, pakhonde sipanamveke chitukwano. Ndewu zonse tinazisamutsira Lachisanu. Awa mukuwaonawa anasiya kusanzira kutsogolo. Awa anayamba kusamba. Mwanayu sanalawepo kanthu, kupatula tsiku limodzi lokha..."

"A Mesenjala!" anatero bambo.

"...limene anangonunkhiza."

Amayi aakulu anayang'ana mzerewo kuyambira uku mpaka uko. Anthu oyandikana nafe anali atatuluka onse, ena ndi mipando.

"Alamu, awa ndi amene akundithandiza kulera?"

"Ndi anthu abwino, alamu."

"Sindikukana. Muvekeni mwana nsapato."

Bambo anandiveka nsapato. Anamanga zingwe pang'onopang'ono, namasula, namanganso. Chikwama ananyamula okha mpaka pasiteji, ndipo kudzanja lina ananyamula kampando kachitsulo kamene anandiwotcherera sabata imeneyo, kopakidwa buluu. Amuna aja anatsatira kumbuyo, zipewa zili m'manja, ngati akuperekeza maliro a munthu woyenda yekha.

Anti sanabwere nawo. Ankadziwa zimene amunawo sankadziwa. Koma tikukwera minibasi ndinawaona ataima patali pafupi ndi mpopi, atamanga chitenje pamwamba pa thalauza, koyamba chiwadziwireni. Sanakweze dzanja. Amayi aakulu anawaonanso. Akazi awiriwo anayang'anana, kenako amayi aakulu anagwedeza mutu pang'ono, pang'ono kwambiri moti kondakitala sanaone.

"Mayi wanga, muzikamvera," anatero bambo pawindo. Minibasi inanyamuka mawu ena asanatuluke.

Madzulo ake ku 25 amayi aakulu anandikhazika pansi kuti amasule nkhono. Ndinkayembekeza kuti aizula ndi ukali, koma zala zawo zinkayenda mochedwa, kutsatira mzere uliwonse kumene unachokera. Ali pakati analankhula okha, osati kwa ine.

"Koma dzanja ali nalo, mkazi ameneyu."

Atamaliza anatenga sizasi. Sukulu inali pafupi kutsegulidwa, ndipo kusukulu mwana wamkazi sankaloledwa tsitsi lalitali. Kumeta kumene bambo anapempha pamaliro kuti kudikire kunachitika tsiku limenelo, pakhonde lopolishidwa, popanda bawo, popanda wovula chipewa.

Kampando kaja kanathyoka mwendo sabata isanathe. Bambo anabwera kudzakatenga, nakabweza katakonzedwa. Sabata yotsatira kanathyoka mwendo wina. Ine ndinali mwana wopepuka ngati chitsotso, koma kampando kachitsulo kankalephera kundinyamula. Ulendo wachitatu amayi aakulu anawadikira pageti.

"Alamu, mbaula ija wophikirapo ndinali ine. Zosapsa zija ndinadya nawo. Mukafuna kuona mwana, ingobwerani."

Kuyambira pamenepo ankabwera Lamulungu masana, atavala taye. Ankakhala m'mphepete mwa sofa, kuopa kukwinya tinsalu toluka ta pamipando, kapu ya tiyi ikusowa m'manja mwawo. Ankandifunsa za sukulu. Ine ndinkayankha. Kenako tonse tinkayang'ana wotchi ya pakhoma. Panalibe woti afunse kuti mbaula inatha bwanji, ndipo ine ndinkachita manyazi kufunsa pamaso pa amayi aakulu. Ndinkangoti ndidzafunsa sabata yamawa. M'chipinda chochezera chija bambo sanasekemo. Anali bambo abwino, aulemu, osanunkha kanthu, koma amene ndinawasiya pakhonde sanafikeko ku 25. Pang'onopang'ono taye inayamba kuwakulira m'khosi, ndipo ndisanafike sitandade faifi nawonso anapita.

Amayi aakulu anandilera bwino. Ndinaphunzira, ndinakwatiwa, ndipo pamene iwo anadwala ndinawasambitsa ndi manja anga. Sindinawaimbepo mlandu. Masiku ano anzanga akamatsutsana ngati n'koyenera kupita ndi ana aang'ono kumalo omwera ndi odyera, amandifunsa maganizo, poti amandidziwa kuti ndine wa mwambo. Ndimati ayi, mwana asapite kubala. Anga sanapondeko. Ndimanena ndi mtima wonse, ndipo n'zoona. Kungoti amayi anga ndinawaona komaliza pakhonde la bala, atagwira m'chiuno, ali ndi ndevu.

Kusaluni ndimafunsabe ngati pali wamanzere. Atsikana amaseka, amati anti awa ali ndi zikhulupiriro. Ndinapezapo mmodzi ku Chinsapo. Ndinamufotokozera nkhono, n'kuijambula ndi chala pagalasi. Anayesetsa, mwana wa eni, koma inatuluka mbatata.

Chaka chatha ndinadutsa ku Kawale. Nyumba ija ilipo, penti yake inafika mpaka pamwamba tsopano, ndipo akugulitsamo simenti ndi misomali. Katani palibe. Khonde ndi lomwe lija, chipilala ndi chomwe chija. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka wogulitsa anatuluka.

"Mayi, tikuthandizeni?"

"Ayi, bambo. Ndimangoona. Ndinagwirapo ntchito pano."

"Pano? Ntchito yanji?"

"Ndinali tcheya."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nayang'ananso ngati ndamwa. Ndinacheuka kuti wina andivomereze, koma pakhondepo panali matumba a simenti okhaokha.